Mivi Ili M'migolo

Kuno ku Tartu mdima unagwa kalekale.
Chisanu chamata mazenera a depoti,
mabasi agona m'mizere, injini zili zii.
Ine Urmas, wosunga sitolo ya zipangizo,
mabawuti ndawerenga, mafyuzi ndawerenga,
ndatseka kaundula, ndatsegula laputopu.

M'menemo ndili ndi linga m'mimba mwa phiri,
tianthu ta ndevu makumi asanu ndi limodzi,
timakumba, timafulula mowa, timakangana.
Dzulo zimphona zinatsika m'nkhalango.
Belu litalira, alonda anga anathamangira kuchipata,
mauta opingasa m'manja,
maphodo kumsana opanda ndi muvi umodzi womwe.
Brekka, katswiri wanga, anaima pamaso pa chimphona
nakweza uta ngati chibonga.
Anamenya kamodzi.
Kachiwiri sanamenye.
Pansi pake, makwerero makumi atatu okha,
migolo khumi ndi iwiri ili tho ndi mivi yachitsulo.

Inu amene munalemba masewerowa, kaya muli kuti,
ndimvereni, kusunga katundu ndiyo ntchito yanga.

Muvi wa fupa ndi woyeserera, wachitsulo ndi wa nkhondo.
Asagonere phodo limodzi.
Brekka anathera chitsulo chake Lachiwiri
polasa chandamale cha udzu,
ine ndili kalikiliki ndi munda wa bowa.

Ndipatseni choko.
Ndilembe pamgolo: uwu ngwa apachipata, wina asaukhudze.
Pano wonyamula katundu amangoutola
n'kukauika kuseri kwa tchizi,
poti kumeneko ndiko kunali malo.

Dalaivala satuluka pano thanki ili theka.
Nanga mlonda agonerenji phodo lisanadzaze?
Adzaze, kenako amwe mowa wake.
Ndipo nambala ija ya pakona imandinamiza:
imati mivi mazana asanu ndi anayi,
koma fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Ndiwerengereni imene ili kumsana kwa munthu.

Ikamthera pakati pa nkhondo, abwerere m'mbuyo.
Palibe manyazi pamenepo.
Mpatseni mnyamata wothamanga ndi mtolo,
kapena kashelefu m'khoma la nsanja, pofika dzanja.

Nkhondo ikatha, mivi ili mbwee m'chigwa,
linga lonse limatuluka ngati linthumbu,
wophika, wosula, ngakhale mzamba,
aliyense muvi umodzi, umodzi basi,
ulendo wa theka la tsiku.
Kodi wilibala munaipangiranji?
Apite mmodzi, amange mitolo,
yothyoka aiponye m'ng'anjo.

Helju wa ku ofesi walowa ndi khofi.
Wasuzumira, waseka: ndi tizithunzi chabe, Urmas.
Sindinamuyankhe.
Iye waiwala za Januwale,
basi itazima pamlatho, anthu makumi atatu akunjenjemera,
fyuzi yake ili muno, m'dirowa yolakwika,
dzina langa lili pa kiyi.
Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso,
koma wosungidwa bwino kwambiri nawonso umapha,
umapha mwini wake.

Poti yankho lanu silibwera usiku uno,
ndagumula khoma la chipinda cha alonda,
ndakokera migolo itatu pafupi ndi mabedi awo,
ndaletsa wosema kusema mivi ya fupa mpaka dzinja.
Ndi zigamba, ndikudziwa.

Mwana wa Brekka, Oddny, watola uta wa mayi ake.
Sindinamutume.
Wadutsa mgolo woyamba osauyang'ana.
Wadutsa wachiwiri.
Pa wachitatu waima,
ndipo ine ndasiya kupuma, khofi akuzizira m'manja.

Wina akugogoda pawindo la sitolo.
Ndi Endel, wa basi yoyamba,
akufuna waipa ya kumanzere.
Ndikudziwa pamene ili.